Mafunso Anu: Tingasankhe Bwanji Komiti Popanda Mantha ndi Kuberana?

FUNSO: Ndili m'gulu la banki mkhonde la anthu 24. Posankha komiti timaima kumbuyo kwa munthu amene tikumufuna. Msungichuma wathu ndi akazi awo a anyakwawa, ndipo ngakhale ambiri timang'ung'udza kuseri, tsikulo likafika tonse timakandanda kumbuyo kwawo. Ena mwa ife sadziwa kulemba. Tingavote bwanji mwachinsinsi? — Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Mayi, kuima kumbuyo kumafulumiradi, koma pamudzi pamene wina ndi apongozi anu, wina ndi amene anakubwerekani dimba, mzere wotalika umangosonyeza amene anthu akumuopa. Kuweramitsa mitu n'kukweza manja nakonso sikuthandiza, chifukwa owerenga manjawo amaona zonse ndipo madzulo ake nkhani imakhala itafika pachitsime.

Njira ilipo yosafuna cholembera. Pezani zitini za zivindikiro, chimodzi cha wopikisana aliyense, ndipo pachivindikiro boolani kampata kongokwana kakhadi. Chitini chilichonse chimangidwe kansalu ka mtundu wake, china kofiira, china kobiriwira, ndipo wopikisana agwire m'manja kansalu kofanana ndi ka chitini chake kuti aliyense adziwe. Musanayambe, zitsekuleni ndi kuzigadabuza pamaso pa onse, kenako muzitseke ndi kuzimata ndi selotepi. Mukapanda kumata, wolowa yekha angathe kusuzumira kapena kusamutsa mavoti. Zikhale kuseri kwa chitenje chokhuthala kapena m'chipinda chopanda zenera loyang'ana kumene kuli anthu.

Musavotere nyemba kapena timiyala, munthu angabwere nazo zake m'thumba. Dulani timakhadi pa katoni tsiku lomwelo, tokwana anthu amene abwera basi, ndipo kalikonse kadindidwe ndi chidindo chomwe mumadindira masheya. Ubwino wina wa katoni ndi wakuti salira akagwera m'chitini; chitsekerero cha botolo chimati ngwe! ndipo a makutu akuthwa amadziwa mbali imene chagwera.

Woyendetsa chisankho akhale wakunja, monga mlangizi kapena munthu wa gulu lina. Aitane dzina, apereke kakhadi kamodzi, munthuyo alowe yekha. Apa pali pobisalira chinyengo pamene ambiri saganizira: wina angatuluke ndi kakhadi kake osaponya n'kukapatsira mnzake amene sanalowe, iyeyo n'kuponya tiwiri. Powerenga, nambala imakwana bwinobwino. Choncho wotuluka atambasule manja, akakhale mbali ina, osasakanikirana ndi amene akudikira. Sankhani udindo umodzi, werengani, lengezani, ndiye mupite pa wina.

Osunga makiyi atatu a bokosi la ndalama asankhidwenso motere, ndipo asakhale a m'komiti kapena a nyumba imodzi.

FUNSO: Posankha komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu tinangoona anthu achilendo atadzaza pabwalo, ena ana a sukulu, onse n'kuvota. Tinadandaula koma anati tachedwa. — Bambo wa ku Mchinji

YANKHO: Bambo, chisankho chimenecho chinawonongeka tsiku lake lisanafike, chifukwa panalibe kaundula. Mayina a oyenera kuvota alembedwe kukadali sabata ziwiri kapena imodzi, awerengedwe mokweza pamsonkhano, ndipo amatidwe poonekera monga pasukulu kapena patchalitchi ndi pamzikiti. Amene dzina lake lasowa, kapena amene akukayikira dzina la wina, anene nthawi imeneyo. Kaundula akatsekedwa watsekedwa. Pa tsiku lovota palibe kulemba dzina latsopano ngakhale munthuyo atabwera ndi amfumu. Pa msinkhu tsatirani wa dziko, zaka 18, ndipo wokayikitsa aonetse chiphaso cha unzika. Wovota akalandira pepala, dzina lake lichongedwe pomwepo. Ngati anthu apitirira 100, m'pakeninso inki ya chidindo pachala, ngakhale kuti imeneyi imachoka ndi sopo, ndiye chodalira chenicheni ndi kuchonga kuja.

Amfumu ndi ofunika poitanitsa anthu ndi pokhazikitsa bata, koma asakhale pafupi ndi povotera, ndipo asatchule amene akumufuna.

FUNSO: Kukopaletivi kwathu tinavota ndi mapepala, koma atsogoleri ananyamula bokosi kupita nalo ku ofesi, zotsatira tinamva m'mawa mwake. Kodi zimenezi n'zololedwa? — Mlimi wa ku Kasungu

YANKHO: Onani kaye zimene malamulo a kopaletivi yanu amanena, koma ngakhale atakhala kuti sanenapo kanthu, mchitidwewu ndi woipa. Bokosi likangochoka m'maso mwa ovota, palibenso angalumbire kuti zotulukamo ndi zimene zinalowamo. N'chifukwa chake pa zisankho za dziko bungwe la MEC limawerengera mavoti pamalo pomwe anthu avotera, mamonita a zipani akuona, n'kusainira pepala la zotsatira.

Kuwerenga kumayamba bokosi lisanatsekulidwe. Tiyerekeze kuti munakonza mapepala 60. Mayina ochongedwa m'kaundula ndi 47, mapepala awiri anang'ambika n'kusinthidwa, otsala ndi 11. Zikaphatikizidwa zikwane 60, ndipo m'bokosi mupezeke 47. Akapezeka 48, lekezani pomwepo. Ngati kusiyana kwa opikisana kuli kochepa moti pepala lowonjezeralo lingasinthe wopambana, voti ibwerezedwe. Pepala lililonse likhale ndi chidindo kapena siginecha ya woyendetsa chisankho kumbuyo kwake, kuti lachilendo lidziwike.

Kenako mmodzi atambasule pepala limodzilimodzi, alikweze m'mwamba, atchule dzina mokweza, wina azilemba timizere pabolodi. Wopikisana aliyense akhale ndi womuimira amene akuwerenganso payekha. Za voti yowonongeka gwirizanani musanavote: pepala lopanda chizindikiro, lochongedwa anthu awiri, kapena lolembedwa dzina la wovota, lisawerengedwe. Koma amene wadinda chala kapena walemba mtanda m'malo mochonga, cholinga chake chikuoneka, voti yake ndi yabwino. Mayina a opikisana akhale olembedweratu. Mukauza anthu kuti azilemba okha, mlembi wa gulu amazindikira kalembedwe ka aliyense ndipo chinsinsi chathera pomwepo.

Zotsatira zilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, 31 komanso makumi atatu ndi imodzi, oimira onse asaine, aliyense ajambule pafoni. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti nambala yakale izionekabe, lembani yolondola pambali, onse asainenso. Osafufuta. Tonse tikukumbukira kuti kufufuta ndi Tipp-Ex kunali pakati pa zifukwa zimene khoti linathetsera chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, dziko n'kuvotanso pa 23 June chaka chomwecho. Mapepala onse amatidwe mu envelopu, asungidwe mwezi wathunthu kuti wodandaula athe kupempha kuwerenganso.

Chinanso chimene chimayambanitsa anthu ndi kusanena msanga kuti wopambana ndi ndani: wa mavoti ambiri chabe, kapena wopitirira theka? Pa opikisana anayi, munthu angapambane ndi mavoti 15 mwa 47. Pa udindo wa wapampando ndi msungichuma ife timalangiza kuti awiri apamwamba abwerezenso ngati palibe wapitirira theka.

FUNSO: Tili ndi gulu lothandizana pa maliro kuno ku Johannesburg. Tingavote pa WhatsApp? — Wowerenga wa ku Joni

YANKHO: Pa nkhani monga tsiku la msonkhano, votani. Pa maudindo ogwira ndalama, ayi. Voti ya pa WhatsApp imaonetsa aliyense m'gulumo kuti uje wasankha uje, munthu angathe kusintha voti yake atakakamizidwa, ndipo wa manambala awiri amavota kawiri. Ngati simungathe kukumana malo amodzi, gawanani m'madera, dera lililonse livote ndi mapepala tsiku limodzi ndi ola limodzi, liwerenge pomwepo, ndipo pa WhatsApp patumizidwe chithunzi cha pepala losainidwa.