Mlandu wa malire: kwa amfumu kapena kukhoti?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akulimbirana malire a munda ndi msuweni wawo, ndiye akufunsa kuti apite kukhoti kapena kwa amfumu. Mayi, mwandikanda pachilonda.

Agogo atamwalira, amalume analowerera munda wa amayi ndi mizere inayi, n'kuzula nandolo yemwe anali atayamba kale maluwa. Ine ndi kasukulu kangaka ndinkati tikasume basi. Amayi anakana, tinapita kubwalo. Tinakhala pansi pa kachere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma za munda zinangokambidwa pang'ono. Nduna zinkafunsa za mbuzi ya pamaliro, za amene sanabwere kudzazonda agogo akudwala, za ngongole ya feteleza yakalekale. Ndinapsa mtima, ndinkaona ngati akuluakuluwo akungocheza. Pamapeto amalume anabweza mizere itatu ndi nkhuku yopepesera.

Patapita zaka ndinawerenga za Max Gluckman, katswiri wa zikhalidwe za anthu, amene anafufuza mabwalo a Alozi kumadzulo kwa Zambia m'zaka za m'ma 1940. Anapeza zomwezi. Oweruza ankafukula nkhani zakale dala, chifukwa okanganawo ndi abale, mawa adzakumana pamaliro ndi pachitsime, choncho chigamulo chiyenera kuwasiya akulankhulana. Aacholi a kumpoto kwa Uganda amafika patali: munthu akaphedwa, chipepeso chikaperekedwa, mabanja awiriwo amamwera pamodzi chakumwa chowawa cha mizu ya mtengo wa oput. Mwambowo amati mato oput.

Komatu zachikhalidwezi tisamaziyeretse. Ku Rwanda mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca anaweruza milandu pafupifupi 2 miliyoni ya kuphana kwa mu 1994 asanatsekedwe mu 2012, koma oimbidwa mlandu analibe maloya, ndipo mboni zina zinkaopsezedwa. Kwathu kuno amene amauzidwa kuti "ingokhululukani" kawirikawiri amakhala wochepa mphamvu, mayi wamasiye, mtengwa, wopanda abale olemera. Mzere wachinayi uja amayi anausiya "kuti pakhale mtendere". Amalume sanauzidwe kuti asiye ngakhale mzere umodzi wa munda wawo. Ndikamadutsa pamundapo mpaka lero mtima umandiwawa, ngakhale nsima timadyera limodzi.

Ndiye mayi, yambirani kwa anyakwawa. Tengani achikulire awiri odziwa malire akale, ndipo chigamulo chilembedwe, kalata musunge. Mukaona zokondera pitani kwa agulupu. Khoti silithawa.