Malinki 2,000 pa R450: yankho kwa achemwali a ku Rosettenville

Imeloyi inandipeza Lachiwiri usiku ndikulimbana ndi malisiti a katundu. Achemwali ena omwe amasoka madiresi a ukwati ndi zovala za chinkhoswe ku Rosettenville akuti mwana wa alamu awo anawapangira webusaiti chaka chatha, koma munthu akasaka telala wa zitenje pa Google iwo sakuoneka ngakhale pa tsamba lachitatu. Tsono wina wawalembera pa WhatsApp kuti akamupatsa R450 awapangira malinki 2,000, mwezi ukamatha adzakhala pamwamba. Akufunsa ngati alipire.

Musalipire, achemwali. Ndikanatha kulekera pomwepa n'kukagona, koma funso lanuli latokosa chilonda changa chakale, ndiye mundipirire.

Ine ndinafika kuno ku Joni mu 2006, pa basi, miyendo itatupa chifukwa cha ulendo wodutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ndinatsikira pa Park Station ndili ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya msuweni wanga yolembedwa kuseri kwa tikiti. Ntchito yoyamba inali ya m'gadeni ku Randburg. Sindinaipeze mu nyuzipepala, sindinagogode pa geti la munthu. Adona a msuweni wanga ndi amene anaimbira foni mnzawo n'kumuuza kuti pali mnyamata wochokera ku Malawi, wokhulupirika, amuyese. Basi. Mawu a mayi mmodzi amene mnzakeyo ankamukhulupirira anatsegula geti lomwe makalata khumi olembedwa ndi ine mwini sakanalitsegula. Aliyense wa ife amene wagwirako ntchito m'nyumba za kuno akudziwa: chomwe chimakulowetsa ntchito ndi yemwe wakuchitira umboni. Ndipo tonse tikuwadziwanso anzathu aja amene amalemba kalata yaumboni yabodza, n'kuika nambala ya mnzawo wa ku Yeoville kuti akaimbidwa azinamizira kukhala bwana. Zimayenda kamodzi, kawiri. Tsiku lomwe adona adzafunse dzina la galu wa kunyumbako, zonse zimathera pomwepo.

Linki ndi umboni wa mtundu umenewo. Webusaiti ina ikaika linki yolozera ku yanu, ikuuza owerenga ake kuti pitani uko, kuli zabwino. Google inamangidwa pa ganizo limeneli. Larry Page ndi Sergey Brin ali ophunzira pa Stanford anapanga njira yotchedwa PageRank, yomwe imawerenga malinki ngati mavoti, ndipo kampaniyo inayamba mu 1998. Koma mavotiwo si ofanana kulemera. Linki yochokera pa tsamba lomwe nalonso anthu ambiri amalilozera imalemera kuposa malinki mazana ochokera pa masamba omwe palibe amawawerenga. Adona a ku Randburg mbali ino, mnzako wa ku Yeoville wonamizira ubwana mbali inayo.

Zimenezi ndikuzifotokoza bwino lero, koma mu 2011 sindinkazidziwa. Nthawi imeneyo ndinali nditasiya gadeni, titagula kagalimoto ndi ngolo yake limodzi ndi mnzanga, tikutengera anthu katundu kumudzi: mafiriji, malata, matayala, mabedi, njinga, nthawi zina sofa yomwe mwini wake waikulunga ngati khanda. Ndinadzipangira webusaiti ndekha usiku, pa kompyuta yakale yomwe inkatentha ngati mbaula. Makasitomala ochepa anayamba kutipeza pa Google, makamaka Amalawi a ku Pretoria ndi ku Kempton Park amene sitinkakumana nawo ku tchalitchi. Dyera linandigwira. Ndinapeza munthu pa intaneti wolonjeza malinki masauzande pa mtengo wa thumba limodzi la simenti. Ndinalipira.

Ndipo zinayenda, ndisanamize. Ichi ndi chimene ogulitsa malinki amadalira, kuti pamakhala wina wonga ine amene anganene kuti zinandiyendera. Kwa miyezi ingapo tinali pamwamba, foni ikulira mpaka mkazi wanga kudandaula. Sindinapite n'komwe kukaona komwe malinkiwo anaikidwa. Nditadzapita pambuyo pake ndinachita manyazi: ndemanga za pansi pa nkhani za m'zilankhulo zomwe sindingawerenge, masamba a juga, masamba a mankhwala a abambo, ndipo paliponse mawu ofanana ndendende a Chingerezi onena za kutumiza katundu ku Malawi motchipa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa 24 April 2012 Google inatulutsa kusintha komwe kunatchedwa Penguin, kolimbana ndi mawebusaiti omwe anakwera ndi malinki ogula ndi opanga. Ine dzinalo ndinalimva patapita masabata. Chomwe ndinaona n'chakuti foni inangoti zii. Ndinkaganiza kuti ndi netiweki, mpaka ndinasintha SIM kadi. Nditadzisaka pa Google sindinadzipeze pa tsamba loyamba, lachiwiri, lachisanu, ndinatopa n'kusiya. Wondigulitsa uja anasiya kuyankha imelo. Mu October chaka chomwecho Google inatulutsa chida chotchedwa disavow, chouzira Google kuti malinki akutiakuti isawawerengere pa dzina lako. Ndinakhala usiku wambiri ndikulemba mndandanda wa masamba onyansa aja, limodzi limodzi. Koma masiku amenewo Penguin sinkayenda tsiku ndi tsiku, umayenera kudikira kuti aiyendetsenso, ndipo pakati pankapita miyezi. Lendi siidikira miyezi. Mapeto ake ndinataya dzina la webusaiti lija, lomwe linali litalembedwa pa ngolo ndi pa makadi onse, n'kuyamba lina. Wolakwa ndinali ine. Malamulo a Google oletsa kugula malinki analipo kale, ine sindinawawerenge.

Agogo anga aamuna anagwirako ku migodi kuno nthawi ya Wenela, asanaletse a Kamuzu kulemba anthu ntchito ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974. Iwo ankasimba za anthu omwe ankadikirira pa siteshoni ogwira ntchito obwerera kwawo, n'kumawagulitsa mawotchi onyezimira omwe ankasiya kuyenda sitima isanafike patali. Ndikamaona mauthenga a pa WhatsApp olonjeza tsamba loyamba la Google, ndimaona anthu omwewo, angosintha katundu. Amadziwa kuti ndife alendo, ndalama zathu ndi zathukuta, tikufulumira kuti bizinesi iyende tisanapemphedwe fizi kumudzi, ndiponso kuti tikaberedwa ambiri a ife sitikadandaula kulikonse. Poyamba ndinkati mwina ena mwa iwo sadziwa kuti akugulitsa zinyalala. Pano ndinasiya kuwaikira kumbuyo. Munthu amene akulonjeza malo oyamba pa Google ndi wabodza, chifukwa ngakhale Google yomwe imanena poyera kuti palibe angakutsimikizire malo amenewo. Ndipo taganizani nokha: malinki 2,000 pa R450, ndiye kuti linki imodzi siikukwana masenti 25. Ndi munthu uti wamoyo amene angakhale pansi kulemba zabwino za madiresi anu pa masenti 25? Ndi makina amene akumwaza.

Wina andiuza kuti zinthu zinasintha, ndipo n'zoona. Kuyambira September 2016 Penguin inalowa m'kati mwa makina a Google, imayenda nthawi zonse, ndipo kawirikawiri imangonyalanyaza malinki oipa m'malo mogwetsa webusaiti yonse. Ndiye mwina inu simungagwe ngati ine. Mungotaya R450 n'kukhala pomwe munali. Koma chilango china chidakalipo, chomwe amapereka anthu enieni a ku Google akaona kuti mwachita kugula, ndipo chimenecho chimakufikirani ngati uthenga mu Search Console, chida cha Google choonetsa mwini webusaiti momwe ikuyendera. Kulipira sikuti n'koletsedwa konse ayi: mukalipira malo otsatsa malonda pa webusaiti ya wina, linki yake iyenera kukhala ndi chizindikiro cha rel="sponsored", chomwe Google inayambitsa mu 2019, kapena nofollow wakale wa 2005. Kumeneko ndi kutsatsa kwachilungamo, kumabweretsa anthu, koma sikukukwezani pa Google. Malinki a pa Facebook nawonso ambiri ali m'gulu lomweli. Ikani ndithu, makasitomala amadina, koma musawerengere kuti ndi mavoti.

Pali china chomwe chandidetsa nkhawa mu imelo yanu kuposa nkhani ya malinki, ndi mawu aja oti mwana wa alamu anu ndi amene "amasunga zonse". Ndaona mabizinesi a anzathu atatu akufa ndi matenda amenewa. Dzina la webusaiti lothera ndi .co.za limalipiridwa chaka ndi chaka. Mnyamata akalilembetsa m'dzina lake, ndi imelo yake, kenako n'kupita ku Cape Town kapena kukwiya chifukwa cha nkhani ya pa maliro, chaka chikatha dzina limagwa, wina n'kulitola. Malinki onse omwe munasonkhanitsa amalozera ku dzina limenelo, ndiye amapita nalo limodzi. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi woipa. Ndikunena kuti makina anu osokera simungalembetse m'dzina la mwana wa alamu.

Ndiye muchite chiyani

Yambani m'nyumba mwanu. Lembetsani webusaitiyo mu Google Search Console, ndi yaulere. M'menemo muli gawo la malinki lomwe likuonetsani mawebusaiti omwe akukulozerani kale, ndi gawo lina loonetsa masamba omwe Google yalephera kuwapeza. Ndinatsegula webusaiti yanu pa foni: batani la madiresi a aperekezi likupita ku tsamba lomwe kulibe, likungotulutsa 404. Mwina mnyamatayo anasintha adiresi ya tsambalo n'kuiwala yakale. Muuzeni aike 301, yomwe imatengera mlendo ndi Google ku adiresi yatsopano, kuti mphamvu ya linki yakale isatayikire panjira. Komanso zonse mwaziunjika pa tsamba limodzi. Patulani: la madiresi a ukwati, la zovala za chinkhoswe, la mayunifomu a kwaya ndi a amayi a mvano, lililonse ndi zithunzi zake ndi mitengo yoyambira. Kenako masambawo azilozerana ndi mawu omveka. Linki yolembedwa kuti "madiresi a chitenje a aperekezi" imauza Google zomwe zili kutsogoloko, pomwe "dinani apa" sikuuza kanthu. Malinki a m'kati amenewa ndi okhawo omwe muli ndi ulamuliro wonse pa iwo, ndipo ndi omwe anthu amawanyalanyaza kwambiri.

Chachiwiri, Google Business Profile, yomwe imaika bizinesi yanu pa mapu a Google, yaulerenso. Kwa telala wa ku Rosettenville mwina iyi ikuposa zonse, chifukwa munthu wa ku Turffontein akasaka telala pa foni, chimayamba kuoneka ndi mapu. Dzina, adiresi ndi nambala zikhale zofanana paliponse pomwe mwalembedwa. Mkwatibwi akabwera kudzatenga diresi lake akumwetulira, mupempheni pomwepo alembe ndemanga, musadikire apite ku hanimuni.

Malinki akunja afunseni kwa anthu amene akukudziwani kale. Ukwati umodzi umadyetsa anthu angati? Wojambula zithunzi, wokongoletsa holo, wophika keke, woyendetsa mwambo, wokonza tsitsi. Ena mwa iwo ali ndi mawebusaiti. Wojambula akaika zithunzi za ukwati womwe inu munasoka, mupempheni alembe pansi pake kuti diresi anasoka ndani, ndi linki. Kumene mumagula nsalu ku Oriental Plaza ku Fordsburg, ngati ali ndi tsamba lotchula matelala omwe amagwira nawo ntchito, pemphani malo. Mpingo wanu, bungwe la anthu akwanu, sukulu yomwe munasokera mayunifomu. Mukapeza malinki asanu otere chaka chino mwachita bwino, ndipo musayembekezere kuona kusintha sabata yomweyo, zimatenga miyezi. Chokhacho musasandutse msika wa "ndilozere ndikulozere" ndi aliyense, mpaka wogulitsa matayala, chifukwa nazonso Google imaziona ngati chinyengo zikachuluka.

Za disavow musazikhudze. Simunagulepo malinki, ndiye palibe choti mukane, ndipo mukalakwitsa mutha kudula ndi abwino omwe. Mukadzaona masamba achilendo akukulozerani mu Search Console, asiyeni, webusaiti iliyonse imatola zinyalala zotere.

Ine linki yomwe inandidzutsa pa webusaiti yachiwiri ija inachokera kwa mayi wina wogulitsa mafiriji akale, amene analemba pa tsamba lake kuti ogula ofuna kutumiza ku Malawi alankhule ndi ife. Sindinamulipire, ndinangomufikitsira firiji ya kasitomala wake ku Limbe yopanda kakanda n'kamodzi komwe. Mpaka lero mwezi sutha osalandira foni yochokera kumeneko.

Mawa m'mawa, musanatsegule shopu, muimbireni mwana wa alamu anuyo mumufunse kuti dzina la webusaiti analembetsa m'dzina la ndani, ndipo likutha mwezi uti. Mukandiuze zomwe wayankha. Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Lilongwe, ndiye ndikachedwa kuyankha mudziwe kuti ndili pa mzere ku Beitbridge.