Zinthu zanga zatsala mu laputopu yakale, ndizisamutse bwanji?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ndagula laputopu yatsopano ya Windows 11 koma zanga zonse zili mu yakale ya Windows 10 yomwe masiku ano ikumangozima yokha ikatentha. Muli zithunzi, mavidiyo a ukwati wa achemwali anga ndi mafayilo a kuntchito. Ndinayesa kukopera pa flash koma vidiyo ina ikukana akuti ndi yaikulu, chonsecho flashyo ndi ya 64GB ndipo mulibe kanthu. Nanga Office ndingoikopera momwemo? Ndithandizeni chonde. Wowerenga wanu.

YANKHO: Zikomo potilembera. Flashyo ilibe vuto, nkhani ndi mmene anaifomatira. Ikakhala pa FAT32 sivomera fayilo imodzi yopitirira 4GB olo malo atakhalapo ochuluka bwanji, nde ifomateni ikhale exFAT, vidiyoyo ilowa bwinobwino. Kufomata kumafufuta zonse zili pa flashpo, onani kaye.

Koma ine chikundidetsa nkhawa ndi kuzima kwa laputopuyo, apa musazengereze. Yambani ndi zomwe simungazipezenso kwina kulikonse, monga mavidiyo a ukwatiwo ndi zithunzi, koma nyimbo ndi mafilimu zibwere pambuyo. Muzikopera foda imodzi imodzi osati zonse pakamodzi, chaja ili yolumikiza, laputopu ili pathebulo kuti mpweya uzilowa pansi osati pabedi kapena pamiyendo. Ndipo muzidina Copy, osati Cut ayi, chifukwa ikazima zinthu zili mkati mosamuka mupeza zina zili uku zina uko osadziwa kuti zafika ndi ziti. Ngati mungapeze hard drive yakunja ndiye bwino kuposa flash, ilumikizeni pa USB 3.0, kabowo kamene nthawi zambiri kamakhala ka buluu mkati, kamathamanga kwambiri kuposa USB 2.0.

Zanu zambiri zili mu C:, foda ya Users, kenako foda ya dzina lanu. Mmenemo muli Desktop, Documents, Downloads, Pictures ndi Videos. Downloads anthu amaiiwala kwambiri pomwe ndi mmene mumagwera zikalata zonse zomwe munatsitsa pa imelo. Ngati pali D: yang'ananinso. Pa Desktop samalani ndi tizithunzi tomwe tili ndi kamuvi kakang'ono pakona, timeneto ndi ma shortcut, tongolozera kumene fayilo ili, mukakopera timeneto mwatenga chikwangwani nyumba mwaisiya. Fayilo yomwe pambali pake pali kamtambo ili pa OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, mu laputopumo mulibe, imeneyo mudzaipeza mukalowa mu akaunti yanu ya Microsoft pa yatsopanoyo. Kudutsira pa intaneti kumathekanso koma malo aulere ndi ochepa, OneDrive 5GB, Google Drive 15GB, kwa mafayilo a kuntchito zikwana koma mavidiyo angokutherani data.

Za Office, ayi, sizitheka. Pulogalamu ikamaikidwa imamwaza tizidutswa take malo ambiri mu Windows kuphatikizapo mu registry, kaundula momwe Windows imasunga ma setting a mapulogalamu, nde olo mukopere foda yake yonse ya mu Program Files siidzatseguka. Muyenera kuiikanso mwatsopano, ya Office mulowe mu akaunti ya Microsoft yomwe munalembetsera, mapulogalamu ena olipira funani ma key ake laputopu yakale isanafe. Ena akuuzani za Windows Easy Transfer, imeneyo inali mu Windows 7 ndi 8, mu Windows 10 anaichotsa. Mapasiwedi ndi ma bookmark a mu Chrome, yatsani sync pa yakaleyo kenako mulowe ndi akaunti yomweyo pa yatsopano. Ngati mumagwiritsa ntchito Outlook, sakani mafayilo othera ndi .pst, maimelo akale amatha kukhala mmenemo mokha.

Mukamaliza musakhulupirire kuti zonse zafika chifukwa choti kabokosi kokopera katseka. Dinani kumanja pa foda, pitani pa Properties, muone chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake mbali zonse ziwiri ngati zikufanana, kenako tsegulani mavidiyo angapo muwathamangitse mpaka pakati ndi kumapeto. Yakaleyo isungeni milungu ingapo osafufuta kanthu, nthawi zambiri munthu amakumbukira fayilo tsiku lomwe waifuna. Mukafuna kuigulitsa kapena kupatsa wina, pitani pa Reset this PC, sankhani Remove everything ndipo muyatse Clean data, chifukwa kungodilita wamba munthu wodziwa amatha kuzibweza. Adziwenso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 October 2025.

Laputopu yakaleyo ikafa musanamalize musataye mtima. Malaputopu ambiri hard drive kapena SSD yake imachotseka nkuiika mu kabokosi ka USB, nkuiwerenga pa yatsopanoyo, kupatula yomwe anaiwotcherera pa bodi. Ngati ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotseka mafayilo kuti wina asawawerenge, idzafuna recovery key ya manambala 48, nde lowani lero mu akaunti yanu ya Microsoft muone ngati ilimo, muilembe papepala.