Kodi ndingasiye mapiritsi owonjezera magazi n'kumangodya bwino?

Mayi wina watitumizira imelo. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ku sikelo anamupeza ndi Hb (muyezo wosonyeza ngati magazi ndi okwanira m'thupi) ya 9.6, ndipo mapiritsi a ayironi, owonjezera magazi, akumuchititsa nseru ndi kudzimbidwa. Akufunsa ngati chakudya chokha chingakwanire.

Mayi, musawasiye. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati woyembekezera magazi amuchepera Hb ikatsika pansi pa 11, kapena pansi pa 10.5 m'miyezi yapakati. Pathupi ponse pamafuna ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000, ndipo wambiri amafunika m'miyezi yomalizayi, pamene mwana ndi nsengwa zikukula msanga. Pamene mwafikapa, mbale yokha siingakubwezereni zimenezi mwana asanabadwe.

Woyembekezera aliyense amayenera kulandira ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 ndi vitamini wotchedwa folic acid wa mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse. Amene magazi amuchepera kale, achipatala amamuwonjezera mlingo.

Nthawi zambiri cholakwika ndi kamwedwe. Tiyi ndi khofi zimamanga ayironi m'matumbo, kotero wambiri amangodutsa osalowa m'thupi. Mkaka, mapiritsi a kashiamu ndi mankhwala a kutentha pamtima zimachitanso chimodzimodzi. Muzisiyanitsa zimenezi ndi mapiritsi a ayironi ndi maola awiri. Imwani mapiritsiwo ndi madzi, kapena pamodzi ndi lalanje, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Nseru ikavuta, imwani pogona kapena mutadyako pang'ono. Chimbudzi chikada bii musaope, ndi ayironi wotsala. Pa kudzimbidwa, onjezani madzi, zipatso ndi masamba. Zikakanikabe, kafotokozeni ku sikelo, angakusinthireni mtundu kapena kamwedwe.

Chakudya chili ndi gawo lake. Ayironi wa mu nyama ndi nsomba amalowa mosavuta kuposa wa mu nyemba ndi masamba, koma kanyama pang'ono kapena tomato pambali pa nyembazo kamathandiza. Chiwindi musachulukitse, chili ndi vitamini A wambiri amene angavulaze mwana. Chilakolako cha dothi, chimene ambiri amachiseka, nthawi zambiri chimasonyeza kuti ayironi wachepa.

Kayezetseninso magazi pakatha milungu itatu kapena inayi. Hb ikapanda kukwera, achipatala afufuze malungo, njoka za m'mimba kapena kutaya magazi. Mukayamba kupuma movutikira muli chikhalire, mtima kuthamanga kapena kukomoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsiwo muziika patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ochuluka akhoza kufa.