Ndalama yanu yabowo pakatiyo ndi ya ku Korea

Achimwene, mwafunsa ngati ndalama yanu yakale yabowo pakati ndi ya ku China. Ngati zilembo zinayi za pa ndalama yanu yamkuwayo zikuti Sangpyeong Tongbo, ndi ya ku Korea, osati China. Inafalikira kuyambira mu 1678, nthawi ya Mfumu Sukjong ya ufumu wa Joseon ku Koreako, n'kugwira ntchito zaka zoposa 200.

Kufanana kwake n'kosadabwitsa. Kapangidweko anatengera ku China: kuzungulira kunkaimira thambo, bowo la makona anayi dziko lapansi, ndipo ankalowetsamo chingwe pozinyamula. Zilembonso n'za Chitchaina, chikhalirecho Hangul, alifabeti ya Chikoreya, inalipo kale kuyambira m'ma 1440, koma akuluakulu aboma ankalemekezabe malembedwe a ku China.

Pa zomwe ndagwirapo, kumbuyo kumakhala chizindikiro cha komwe inapangidwira, choncho chonde musaikweche. Musanagulitse, ionetseni kwa katswiri wa ndalama zakale, pakuti zachinyengo zachuluka.