Yankho kwa msuweni pa nkhani ya boti ija

Eee, msuweni, funso lako ndalimva. Ukuti kodi banja lokhala pa boti la matanga lingatenge bwanji matenda poti lili pakati pa nyanja. Hehe. Iwe ndimakudziwa, za matendazo ndi chophimbira chabe. Wayambanso kuwerengera ndalama zija, ukufuna mliri wina ukabwera unyamule mlamu ndi ana mukabisale pamadzi. Monga muja unachitira ndi kalavani ija... basi, tisazikumbe.

Ukukumbuka za amalume? Mu 2020 muja, bungwe la WHO litalengeza pa 11 Malichi kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, zilumba za ku Caribbean zinayamba kutseka madoko chimodzichimodzi. Iwo anali pa boti lawo komweko, pa nangula, ndi akazi awo ndi ana atatu... ayi, awiri, wamkulu uja anali kusukulu. Chakudya chinalipo chokwanira miyezi itatu. Chinawasautsa ndi madzi. Thanki yawo inali ya malita 400. Anthu anayi, aliyense malita 10 pa tsiku, kumwa, kuphika, kusamba kongodzipukuta, ndiye kuti masiku 10 okha thanki yauma.

Anali nawo makina aja ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja. Amakankha madzi ndi mphamvu yaikulu, pafupifupi 55 bar, kudutsa pa membrane, kasefa kaja kogwira mchere, awo ankatulutsa malita 30 pa ola. Ukapanda kuwagwiritsa ntchito, umayenera kuwatsuka ndi madzi abwino pasanathe sabata, apo ayi tizilombo timaswana m'kati, amayamba kununkha ngati mazira owola. Ndiye amalume, ukhondo wawo ukuudziwa, anathira klorini m'thanki, kenaka n'kutsuka makinawo ndi madzi a m'thanki momwemo. Klorini amadya membrane. Pamakhala sefa ya makala yoti izigwira kloriniyo, koma yawo inali yakalekale yosasintha. Patapita milungu ingapo madzi anayamba kumveka mchere pa lilime. Membrane ina analibe, ndege siziuluka.

Anapulumukira mvula. Anapendeketsa lona lotchingira dzuwa lija, pakati n'kumangirira payipi yolowa m'zigubu. Madzi oyambirira umawataya kaye chifukwa amatsuka mchere ndi zitosi za mbalame. Akazi awo mpaka lero akamva dzina la klorini amangowayang'ana amalume, osanena kanthu.

Komanso kalendala sinkadikira. Nyengo ya mphepo za mkuntho ku Atlantic imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo a inshuwalansi ambiri amafuna boti lichoke m'dera la mkunthowo. Uchoka ulowera kuti, madoko ali otseka? Chilumba cha Grenada chitayamba kulandira maboti, unkafika, mbendera yachikasu yosonyeza kuti sunaloledwe kutsika ili m'mwamba, masiku 14 pa mbindikiro uli pa nangula, kumtunda osapondako. Pamenepo unyolo ukhale wokwanira: kutalika kwake kasanu kuya kwa madzi, pa mamita 10 uponye mamita 50, mphepo ikakula uwonjezere.

Ndimafuna kunena chiyani paja... eya. Boti limakutalikitsa ndi anthu, zoona, koma moyo wake uli kudoko. Gasi wophikira, dizilo, impeller, kachipangizo kopopa madzi oziziritsa injini, mankhwala a mwana, chidindo cha olowa ndi otuluka, zonse zili kumtunda. Mwana akadwala usiku, chomwe uli nacho ndi wailesi ya VHF pa tchanelo 16, poitanira thandizo.

Ukundimva? Chimene chinazunza amalume si kachilombo ayi, ndi doko lotseka. Ndiye ngati mtima wako wagwiradi, yamba ndi membrane ina yosungira, sefa za makina a madzi aja za 20 ndi 5 micron zambirimbiri, zigubu zosungira madzi a milungu iwiri, ndipo usanazule nangula ukhale ndi chilolezo cholembedwa cha kumene ukupita. Chifukwa, ndibwerezenso, kumtunda akakukana, botilo silikuthandiza kanthu.

Ndipo mlamu umuuze wekha, usanditumenso ine ngati ulendo uja.