Yankho kwa mphwanga wofunsa za chithunzi cha Zwangendaba ndi mawu a agogo

Mphwanga, mwafunsa zinthu ziwiri: ngati chithunzi chikuzungulira pa WhatsApp chija ndi cha Zwangendaba, mfumu imene inatsogolera Angoni powoloka Zambezi, komanso ngati pa lipoti lanu la ku UNZA (yunivesite ya Zambia) mungalembe zimene agogo anu a ku Chipata amanena, zoti Angoni anawoloka Zambezi dzuwa litada masana. Anthu ena m'gulu muno akuti khulupirirani buku, mawu a nkhalamba ndi nthano chabe. Ine sindigwirizana nawo.

Za chithunzi sizivuta. Luso lojambula ndi kamera linadziwika ku Ulaya mu 1839, ndipo Zwangendaba anamwalira m'zaka za m'ma 1840 ku dziko la Afipa, komwe lero ndi Tanzania. Kamera inafika ku Zambezi ndi ulendo wa David Livingstone umene unayamba mu 1858, mfumuyo itaikidwa kale m'manda. Amene ali pachithunzipo ndi munthu wina. Chisiyeni.

Koma agogo anuwo musawapeputse. Nkhani ya kuda kwa dzuwa Angoni anaisunga pakamwa kwa zaka zambiri. Akatswiri a zakuthambo atawerengera m'mbuyo anapeza kuti kadamsana anachitikadi dera limenelo mu Novembala 1835, ndipo ndi mmene chaka chowolokera pafupi ndi Zumbo chinadziwikira. Chaka chimene mukuchiwerenga m'bukucho chinachokera kwa nkhalamba zonga agogo anu. Chinapatsa nkhaniyo mphamvu n'chakuti mboni ziwiri zosadziwana, anthu okumbukira ndi anthu owerengera, zinanena chimodzimodzi.

Komabe muwafunse agogowo kuti iwo anamva kwa yani. Akati kwa ambuye awo, pitirizani kufunsa. Akati anaphunzira kusukulu ya mishoni, ndiye kuti mukumva buku lomwelo likulankhula ndi pakamwa pawo, si umboni wachiwiri ayi. Chenjeraninso ndi mayina aufumu. Undi, Mpezeni ndi Kalonga ndi mayina olowa, kotero munthu akati "Undi anachita zakuti", mwina akuphatikiza mafumu atatu kapena anayi kukhala mmodzi, ndipo zaka zambiri zimasowa pakati. Nkhani za nkhondo zokhazo musazimve mbali imodzi. Zimene Mngoni amazitcha kugonjetsa, Mchewa wa ku Katete ndi Mnsenga wa ku Petauke amazifotokoza mwina, ndipo aliyense muzicheza naye payekha, chifukwa pagulu wamng'ono satsutsa wamkulu.

Tsopano ku mapepala, kumene ambiri amagwera. Pepala likhoza kukhala lenileni, lakale, la chidindo chake, koma zolembedwamo n'kukhala zokhota. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany, anali ndi chikalata chonena kuti Mpezeni wamupatsa ufulu pa dziko lalikulu ndi miyala yake. Chikalatacho chinafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo mu 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni, mwana wa Mpezeni Nsingo n'kuphedwa. Kuti chikalata chinalipo palibe akukana. Funso n'lakuti Mpezeni, yemwe sankawerenga, anauzidwa kuti muli mawu otani, anamasulira ndani, ndipo anapindula ndani. N'chimodzimodzi ndi pangano la mzungu Lochner ndi Lewanika, Litunga (mfumu) wa Alozi, la mu 1890: Lewanika ankaganiza kuti akupangana ndi Mfumukazi Victoria, pamene kwenikweni inali kampani ya Cecil Rhodes.

Mukapita ku National Archives, kosungira zikalata zakale za boma ku Ridgeway mu Lusaka, pemphani ma District Notebook a boma la kwanu. Ndi chuma, muli mizere ya mafumu, malire ndi mayina a midzi ina imene lero kulibe. Koma powerenga kumbukirani mmene analembedwera. Bwana DC ankafunsa kudzera mwa mesenjala womasulira, ndipo oyankha ankadziwa kuti mzunguyu ndi yemwe amatolera msonkho ndi kuvomereza woti alowe ufumu. Kodi nyakwawa ikanatchula amuna onse a m'mudzi mwake kwa munthu wa msonkho? Nanga wofuna mpando akanatchula mzere wa mnzake? Nchifukwa chake mikangano ina ya ufumu mpaka lero mbali zonse ziwiri zimabwera ndi mapepala.

Alendo odutsa nawonso ali ndi malire awo. Mpwitikizi Antonio Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, ndipo buku lake linasindikizidwa mu 1854. Pa zimene anaona ndi maso, monga midzi, zovala ndi malonda, ndimamudalira kwambiri. Akayamba kufotokoza tanthauzo la miyambo, ndimabwerera m'mbuyo pang'ono, poti mlendo wa masiku ochepa sauzidwa za kudambwe.

Za pa intaneti ndingonena mwachidule. Masamba khumi onena chinthu chimodzi kawirikawiri amakhala atakopera malo amodzi, nthawi zina ndi cholakwika chomwecho cha kalembedwe. Tsatirani mpaka mupeze woyamba kunena, ndipo ngati satchula komwe anazitenga, musamuike mu lipoti.

Polemba, agogowo muwatchule ngati mboni: mudzi wawo, zaka zawo, tsiku limene munacheza nawo ndi amene anawauza nkhaniyo. Ajambuleni mawu pa foni akalola. Kenaka mukwere ku Special Collections mu laibulale ya ku UNZA komweko, muone zimene ofufuza akale analemba za Angoni a Mpezeni, ndipo pamene akusiyana ndi agogo mulembe mbali zonse ziwiri pamodzi ndi chifukwa chimene inu mwatsamira kwinako.